Bawuti Yachitatu

Lachiwiri m'mawa ndinapotoza kiyi,
boti linangoti kete, kete, kenako zii.
Batire yodzaza, mawaya ndapala ndi mpeni mpaka kuwala,
ndagogoda ndi hamala kudzera pa chitsulo chachitali
monga timadzutsira sitata yaulesi.
Iyi sinali yaulesi. Inali itafa.

Yatsopano yabwera lero pa chapa kuchokera ku Tete,
yokulungidwa m'thumba la shuga,
mtengo wake matumba anayi a kapenta wouma.
Bambo Jekeseni, eni boti, akungozungulira pagombe la Chikowa,
ayezi wawo akusanduka madzi pansi pa lona,
akuyang'ana dzuwa ngati munthu wodzatenga ngongole.

Amene anapanga injini imeneyi
sanagonepo chafufumimba m'boti masana a Okutobala.
Anaika sitata pansi, kumbuyo, kuseri kwa paipi ya utsi,
kumene diso silifika,
n'kumangira boti lonse pamwamba pake,
n'kupita kukadya.

Ndinachotsa waya wa batire, mpando, thabwa la pansi.
Mutu m'dzenje, miyendo kumwamba,
tsaya pa chitsulo chowotchedwa ndi dzuwa,
fungo la dizilo ndi mamba a nsomba za chaka chatha.
Bawuti yoyamba inabwera mwaulemu.
Yachiwiri inalipiritsa khungu la chala.
Yachitatu ndinkangoikhudza ndi nsonga ya chikhadabo.
Zaka makumi atatu za sipanala zanenepetsa dzanja ili:
limalowa mpaka povalira wotchi, basi.

Ndiye Felizimina, mwana wa mlongo wanga,
amene anangobwera kudzatula chigubu cha madzi akumwa,
anati: Amalume, tasunthani.
Anavula chibangili n'kuchiponya m'chipewa changa.
Mkono wake, bango lenileni, unalowa mpaka paphewa.
Ndinati nayi tochi, nali galasi.
Anati ayi, maso akundisokoneza.
Anatsinzina.

Ndinakhala pambali, wakhungu kulondolera wakhungu mnzake.
Ukumva chozungulira, chosalala? Chisiye.
Pita kumanzere. Pali nthiti ziwiri zachitsulo.
Pansi pa yachiwiriyo.
"Ndaipeza. Kona imodzi yadyeka."
Veka sipanala ya fotini, ikhale bwinobwino.
Ikaterereka, tigona pano.

Kupotoza pang'ono, theka la theka,
kuvula, kutembenuza, kuvekanso.
Mvuu inafwenthera kuseri kwa mabango,
iye osatsegula maso,
thukuta likudontha pansonga ya mphuno.
Ndinawerenga mpaka makumi anayi
kenako ndinaleka kuwerenga.

Sitata yakale inatuluka chambuyo
ngati mwana wa mbuzi wotsogoza miyendo,
yolemera, yakuda, dzimbiri kukamwa,
Zambezi akudontha m'mimba mwake.
Yatsopano inakana kulowa kawiri konse.
Nati imodzi inagwera m'madzi amafuta a pansi pa injini;
tinaiwedza ndi maginito a wailesi yakufa
omangidwa ku chingwe cha mbedza.
Inatuluka ndi anzake: misomali itatu, chitsekerero cha botolo,
ndi sipanala ya teni imene inasowa dzinja lija
ine n'kuuza gombe lonse kuti Sozinyo ndi wakuba.

Kiyi ndinapatsa mwanayo.
Injini inatsokomola, inagwedeza mapewa, inabangula,
akakowa onse balala!
Bambo Jekeseni analumphiramo osatsanzika,
za ndalama anakuwa ali kale pakati pa madzi,
mphepo n'kutenga tsiku lake.

Tsopano tili pansi pa msawu,
tikutsuka manja ndi mchenga ndi sopo waufa.
Pamkono pake pali mzere wofiira
kuyambira pachigongono, pamene paipi inasaina dzina lake.
Akuuyang'ana, sakudandaula.
Wakoka sitata yakufa ija, waiika pamiyendo,
akufunsa kuti m'kati mwakemo muli chiyani.
Ndamupatsa sikuludiraiva.

Ya teni ili m'thumba langa, ikulemera.
Kwa Sozinyo n'kuseri kwa msika,
ndipo dzuwa likadalipo.